Kugula mphatso wekha kapena kusonkha pagulu?

Mwezi uno wokha ndaitanidwa katatu kuno ku Harare: kitchen party ku Mufakose, baby shower ku Dzivarasekwa, ndi phwando la mwana wa achemwali amene wamaliza sukulu. Malipiro ndi omwewo, ndipo lendi sadikira.

Kugula mphatso pawekha kuli ndi kukoma kwake. Umasankha ndi mtima wako, ndipo ku msika wa Mbare Musika utha kunenerera mtengo wa beseni mpaka utsike. Vuto limabwera paphwandopo. Mphatso amazimasula pamaso pa anthu, uku akutchula dzina la wopereka. Ndinaona mayi wina atazolika, akupotokola nsonga ya chitenje, chifukwa makapu ake 6 anamasulidwa pambuyo pa stovu yamagetsi ya mnzake. Mtima unandiwawa. Ena amafika pokongola ndalama pothawa manyazi otere.

Kusonkha pagulu kumaphimba zonsezo. Anthu 10, madola 5 aliyense pa EcoCash (njira yotumizira ndalama pa foni), mwagula mapoto abwino, mayina onse pa khadi limodzi. Koma nako kuli ndi minga. Wosonkhetsa amaika mndandanda pa WhatsApp, yemwe sanapereke amangoonekera poyera, kenako wina amati tivale zofanana, ndiye ndalama ya telala pamenepo.

Ine ndimasankha kusonkha, bola tigwirizane kuti aliyense apereke zomwe angathe, mndandanda ukhale ndi msungichuma yekha. Akakhala mnzanga wapamtima, ndimapitakonso tsiku lina ndekha, nditasenza ufa ndi sopo, n'kumuchapira matewera a mwana.