Chaka ndi theka nyumba yanga ya lendi ili m'manja mwa ejenti

Papita chaka ndi theka chiperekereni imodzi mwa nyumba zanga ziwiri za lendi ku kampani yoyang'anira nyumba. Ili kutali ndi komwe ndimakhala. Inayo ili pafupi, ndipo ndikuiyendetsabe ndekha ngati kale. Ndiye njira ziwirizi ndaziona zikuyenda nthawi imodzi.

Ejenti wanga amadula 10 peresenti pa lendi ya mwezi uliwonse. Makampani ambiri amadula pakati pa 8 ndi 12 peresenti, choncho sindinganene kuti akundidyera masuku pamutu. Pa mwezi ndalamayi imaoneka yochepa, koma mukaisonkhanitsa pa miyezi 12 ikupitirira lendi ya mwezi wathunthu. Palinso ndalama yopezera tenanti watsopano, imene kwa ine ndi theka la lendi ya mwezi woyamba, pomwe ena amatenga mwezi wonse. Komabe nyumba ikangokhala mwezi umodzi yopanda munthu, mwataya 8.3 peresenti ya lendi ya chaka chonse, pafupifupi yomweyo imene mumaikaniza ejenti. Tenanti wakale atatuluka, wina analowa mwezi usanathe, ine osapitako kukaonetsa nyumba ngakhale kamodzi. Pa masamu okha, tingoti palibe wapambana.

Chomwe ndaona kuti ndikulipira kwenikweni ndi munthu woima pakati pa ine ndi tenanti. Amene amakhala m'nyumba yapafupi ija ndi anthu abwino. Timapatsana moni, ana awo ndimawadziwa mayina. Tsiku lolipira likadutsa n'kundiuza kuti mwana anagonekedwa m'chipatala, pakamwa pamalemera, ndipo landilodi aliyense amene amaonana maso ndi maso ndi tenanti wake akudziwa zimene ndikunena. Nkhani yokweza lendi ndiye imachita kusowa poyambira. Ejenti alibe manyazi amenewa. Tsiku likadutsa, uthenga wokumbutsa umapita. Masiku olembedwa mu mgwirizano akatha, kalata imatsatira. Chodabwitsa n'chakuti tenanti samusungira chakukhosi, poti amadziwa kuti munthuyo ali pa ntchito. Mawu omwewo akachoka kwa mwini nyumba amamveka ngati nkhanza, koma akachoka ku ofesi amamveka ngati dongosolo. Lendi ya nyumba yakutaliyo siinadumphepo mwezi.

Kasankhidwe ka tenanti nakonso n'kabwino. Amafuna umboni wa malipiro, amaona ngati munthu amalandira pafupifupi katatu ka lendiyo, ndipo amaimbira foni landilodi wake wakale. Tsiku lolowa amajambula chipinda chilichonse, zitseko, mawindo, mipope ndi manambala a pa mita, onse awiri n'kusaina. Dipoziti imakhala mu akaunti yakeyake, siisakanikirana ndi lendi. Zonsezi munthu angathe kuchita yekha, ndipo ndazitengera ku nyumba inayo. Mikangano ya dipoziti imayambira pakuti palibe amene angasonyeze mmene khoma linalili tsiku loyamba.

Pomwe tinasemphana ndi pa zokonzakonza. Mgwirizano umalola ejenti kukonza chinthu osandifunsa bola mtengo usapitirire malire omwe tinagwirizana. Zimenezi n'zomveka, chifukwa paipi ikaphulika usiku sangadikire kuti ndidzuke. Koma patapita miyezi ndinayamba kuona kuti pa lipoti la mwezi pamakhala tinthu: loko, mpope wodontha, soketi, chogwirira cha chitseko, ndipo mtengo wa kalikonse umaima pang'ono pansi pa malire aja. Nditafunsa, anavomera kuti kampani imaika kake pamwamba pa ndalama imene mmisiri walipiritsa. Makampani ena amachitadi zimenezi ndipo si kuba ngati zinalembedwa, koma mu mgwirizano wathu zinangotchulidwa ndi mawu ozungulira.

Apa m'pomwe munthu ayenera kumvetsa mmene ntchitoyi inapangikira. Ine ndimapindula tenanti akakhalitsa ndiponso pakakhala kuti palibe chawonongeka. Ejenti amapezako kena tenanti akasintha, amapezakonso chinthu chikawonongeka. Sikuti ndi munthu woipa ayi, koma phindu lake ndi langa sizilowera kumodzi nthawi zonse. Pulambala wanga wa nyumba yapafupi amayesa kaye kusintha labala ya mu mpope. Wa kampani amagula mpope watsopano, chifukwa palibe amene waima pambali pake akuwerenga ndalama. Panopa ndimafuna lisiti lochokera kwa mmisiri weniweniyo, zithunzi ntchito isanayambe ndi itatha, komanso makoteshoni awiri pa ntchito iliyonse yaikulu. Chiyambireni zimenezi, tinthu tija tachepa.

Kuyendera nyumba anati kudzachitika miyezi 6 iliyonse. Ulendo woyamba unachitika bwinobwino, lipoti n'kubwera ndi zithunzi. Wachiwiri anachita kuyembekezera kuti ndiwakumbutse, ndipo atapitako anapeza siling'i ya kuchipinda itayamba kuda ndi madzi ochokera padenga. Tenanti sananene chifukwa madzi anali asanayambe kudonthera pansi. Munthu wa lendi amanena zomwe zikumuvutitsa lero, pomwe zimene zikudya nyumba mwakachetechete amaziona ndi munthu amene wapita kukazifuna. Wogwira ntchito m'modzi pa kampani zotere amakhala ndi nyumba zambirimbiri, ndiye mwini amene sayankhula amaiwalika.

Za kutulutsa munthu sizinandigwere, koma ndinafunsa ndisanasaine. M'mayiko ambiri landilodi saloledwa kusintha loko, kudula madzi kapena kuzula chitseko pofuna kuthamangitsa wosalipira. Pamafunika notisi yolembedwa, kenako chilolezo cha khoti. Ejenti amadziwa ndondomekoyi ndipo amasunga makalata ofunika, koma loya mumalipira ndinu. Ngongole ya kubanki, inshuwalansi ndi msonkho zimakhalabe pamutu panu, ngakhale m'mayiko ambiri ndalama yolipira ejenti imachotsedwa powerengera msonkho wa lendi. Pali mzere umodzi wofunika kuuwerenga kawiri: kodi amadula pa lendi imene yalowa, kapena imene imayenera kulowa? Wanga amadula pa yolowa, ndiye tenanti akapanda kulipira nayenso sadya, ndipo ndikukhulupirira kuti changu chake chotolera chimachokera pamenepo.

Mgwirizano wa nyumba yakutali ndawonjezera chaka china, koma tasintha zinthu zitatu: ndalama yoika pamwamba pa mmisiri yalembedwa poyera, masiku oyendera nyumba alembedwanso, ndipo ndikafuna kuchoka ndipereka notisi ya masiku 30 m'malo mwa miyezi itatu. Nyumba yapafupi sindiipereka. Tenanti wake ndi wokhazikika, amisiri ndili nawo, ndipo 10 peresenti ingapite pa ntchito imene imanditengera maola ochepa pa mwezi. Anthu amenewa akadzasamuka, ndidzalipira ejenti kuti angondipezera wina n'kumufufuza bwino, kenako makiyi abwerere kwa ine.