Buku la injini ya Kelvin J2 landithandiza, ngakhale zojambula zina sizikuoneka

Ndikupereka nyenyezi zinayi mwa zisanu kwa bambo amene amagulitsa pa intaneti mabuku ojambulidwanso a injini zakale za maboti. Ndadikira miyezi itatu ndisanalembe, kuti ndiyambe ndaligwiritsa ntchito bukulo.

Injini yanga ndi Kelvin J2, ya masilinda awiri, ya mahosipawa 22, yopangidwa ndi kampani ya Bergius ya ku Glasgow. Ndinaipeza mu boti lakale ili gwa, yopanda pepala lililonse. Amakaniko awiri anaiyang'ana n'kupukusa mitu: injini ya dizilo yokhala ndi mapulagi ndi magineto (kachipangizo kopereka moto ku mapulagi) anali asanaionepo. Mmodzi anafuna kuchotsa magineto ati ndi yoikirira. Mpaka pano ndikaganiza zimenezo mtima umandiphulika.

Nditalembera wogulitsayo, sanathamangire kundigulitsa. Anayamba wandifunsa nambala ya pa kachitsulo ka injini ndi chithunzi cha mitu ya masilinda, chifukwa injini za Kelvin za mtundu wa J ndi za mtundu wa K zimafanana maonekedwe koma K ndi yaikulu ndipo masipeya ake ndi ena. Zimenezi zinandikhazika mtima pansi.

Phindu lenileni lili pa tsamba lofotokoza kalizidwe. Injini imeneyi imayambira petulo. Pa mutu uliwonse pali kandodo kotsegula valavu ya kachipinda komwe kuli pulagi, ndiye mpweya supanikizika kwambiri ndipo munthu atha kupukusa handulo ndi dzanja. Umathira petulo pang'ono mu kabureta, kupukusa, ikalira n'kuyamba kuthamanga umatembenuzira tindodo tija ku dizilo, petulo uja asanathe. Ndikanangolota ndekha ndikanathyoka msana pachabe. Tsiku limene inalira koyamba, gu gu gu pang'onopang'ono, ndinakhala pansi n'kumangomvetsera mpaka dzuwa kupendeka.

Bukuli linandichenjezanso kuti tizitsulo tokankha mavalavu timafuna kuthiridwa oyilo ndi dzanja, sitidzithirira tokha. Pa za mabawuti, ndi wogulitsayo amene anandiuza kuti ndi a muyezo wa Whitworth, muyezo wakale wa ku Britain wa mainchesi, ndisiye kuwakakamiza ndi masipanala a mamilimita. Ndinali nditakumbudzula kale mitu ya mabawuti awiri.

Mndandanda wa masipeya ndiwo ndimautsegula kawirikawiri. Kachitsulo kalikonse kali ndi dzina ndi nambala, moti ukamafunsa kwa osunga injini zakale sunenanso kuti "kanthu kozungulira kaja ka pafupi ndi pampu."

Nyenyezi imodziyo ndachotsa chifukwa cha zojambula. Chojambula chachikulu choonetsa m'kati mwa giyabokosi anachichepetsa kuti chikwane pa tsamba limodzi, ndipo manambala ena angosanduka timadontho. Ndinachita kubwereka galasi lokuzira zinthu, komabe atatu sindinawawerenge. Masamba awiri ali ndi zidindo za zala za oyilo zochokera m'buku loyambirira. Zimenezo sindidandaula nazo, ndi umboni woti wina analigwiritsadi ntchito. Koma chojambula chija chimafunika pepala lalikulu lopinda. Nditadandaula ananditumizira china chooneka bwino pa imelo patatha sabata ziwiri, popanda kulipiritsa.

Ngati mukufuna kuitanitsa, palani kachitsulo ka nambala ndi bulashi yofewa, osati sandipepa, ndipo pemphani zojambula zazikulu nthawi yomweyo. Ine langa ndalikutira m'pulasitiki, limakhala m'bokosi la masipanala.