Ma IR a zida za analogi: pa EQ ali bwino, pa kompresa ayi

Ndapereka nyenyezi zitatu mwa zisanu. Paketi iyi ya ma impulse response (ma IR, mafayilo osunga mmene chida chimasinthira mawu) amaigulitsa ponena kuti ikubweretserani kamvekedwe ka zida zakale za m'situdiyo mu DAW yanu (pulogalamu yojambulira nyimbo pa kompyuta): EQ ya Pultec (yokwezera kapena kutsitsa mbali za mawu ngati besi), plate ya EMT 140 (chitsulo chopangitsa mawu kumveka ngati ali m'holo), makina a tepi ndi kompresa ya 1176 (yofinya mawu okwera kwambiri). Zina n'zoona, zina ndi malonda chabe.

Pa EQ ndi plate ndilibe dandaulo. IR ya Pultec ija, yomwe anakweza ndi kutsitsa besi nthawi imodzi pa 60 Hz, imanenepetsa kick (ng'oma yaikulu) koma osaisokoneza. Plate nayo imakhala bwino kumbuyo kwa woyimba. Chotopetsa n'chakuti fayilo iliyonse inajambulidwa mabatani ali malo amodzi, ndiye ukafuna kuwonjezera pang'ono uyenera kukasakanso fayilo ina m'foda.

Koma kompresa, musataye nthawi. Convolution, njira yoikira IR pa mawu, imagwira bwino pa chida chimene chimayankha mofanana nthawi zonse, mawu abwere mofuula kapena monong'ona. Pomwe ntchito yeniyeni ya 1176 ndi kusinthasintha: imagwira mawu msangamsanga, pakati pa ma microsecond 20 ndi 800, kenako n'kuwamasula. Ndinaika IR yake pa ng'oma ya snare, ndinakweza input mpaka mita kufiira. Snare inangokwera voliyumu basi, osafinyika ngakhale pang'ono. Chomwe anajambula ndi kamvekedwe ka chidacho pa levulo imodzi, ngati chithunzi cha munthu ali mkati mothamanga.

Tepi ndi chimodzimodzi. Kakukwera ka besi kamene mutu wa makinawo umapanga kakumveka, koma uikankhe bwanji situlutsa ma harmonic atsopano (timawu towonjezera timene tepi imapanga), ndipo wow ndi flutter (kugwedezeka kwa mawu liwiro la tepi likamasinthasintha) kulibiretu. Sizodabwitsa: njira yojambulira IR ndi sine sweep (liwu lokwera pang'onopang'ono kuchokera pa besi), imene Angelo Farina anafotokoza mu 2000, imasiyanitsa distortion (timawu towonjezera tija) ndi mbali yoyera, ndipo m'fayilo wamba mumalowa yoyerayo. Zomwe timakondera tepi ndi zomwe zimatsala panja!

Alipo mapulagini ngati Nebula ya Acustica Audio amene amajambula chida pa malevulo ambiri pogwiritsa ntchito masamu otchedwa Volterra kernel. Paketi iyi si ya mtundu umenewo, ndipo ogulitsa akanachita bwino kunena poyera. Ngati mukufuna EQ ndi plate zosalemetsa kompyuta, gulani. Foda ya kompresa ine ndinaifufuta.