Opalasa mabwato a pakati pa Bangula ndi Makhanga: mmene ndaionera ntchito yawo

Munthu wochokera ku Bangula amene akufuna kufika ku Makhanga msanga amayenera kudutsa pamadzi, chifukwa chitunda chomwe pankadutsa njanji chinakokoloka pa Mtayamoyo m'chaka cha 1997, ndipo kuzungulira pagalimoto kudzera ku Thabwa ndi ulendo wautali wodya ndalama zambiri. Ine ndakhala ndikuwoloka ndi anyamata a mabwato kwa zaka zambiri popita kukagulitsa mbatata ndi nsomba zouma, choncho zimene ndikulemba panozi ndaziona ndi maso anga.

Sindingayambe ndi nkhani ya mitengo ndisanatchule zimene anatichitira m'mwezi wa March 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula yosalekeza kumapiri. Mtsinje wa Ruo, womwe umachokera ku Mulanje n'kudzathira mu Shire cha ku Chiromo, unasefukira ndipo madzi anatipeza m'nyumba usiku. Pamene kunkacha anali atafika m'chiuno, ine ndi adzukulu anga awiri tili pamwamba pa chulu pamodzi ndi mabanja ena atatu. Amene anatifikira poyamba anali mnyamata wa nyumba yoyandikana ndi yathu, yemwe masiku onse amawolotsa anthu padooko. Anangoti, "Agogo, katunduyo musiyeni, ndipatseni anawo kaye." Anayamba ndi ana ndiponso mayi wina woyembekezera, ndipo mng'ono wake ankakapa madzi m'bwatomo ndi chigubu chodula pakati. Anabwerera kachiwiri, kachitatu, mpaka tonse tinafika kumtunda. Pomugwira dzanja kuti ndimuthokoze ndinaona kuti zikhatho zake zinali ndi matuza ophulika chifukwa cha nkhafi, koma sanapemphe ngakhale tambala imodzi. Anzake nawonso anachita chimodzimodzi tsiku lonselo, ndipo amayi amene anapulumutsa kaufa pang'ono ankawasungira phala mumphika umodzi womwe tinkadyera tonse.

Luso lawo ndilo ndimalidalira kwambiri. Amadziwa pamene madzi akuzungulira, pamene pabisala chitsa, ndi malo amene mvuu zimakonda kukhala, ndipo akamadutsa m'namasupuni amaletsa aliyense kuviika dzanja m'madzi poopa ng'ona. Njinga, matumba a chimanga ngakhale mbuzi amazimanga bwino, moti ine katundu wanga sanagwerepo m'madzi.

Komabe pali zinthu zimene zimandidetsa nkhawa, ndipo ndizinena chifukwa anthuwa ndi ana athu. Pa tsiku la msika ena mwa iwo amadzaza bwato mpaka madzi kutsala pang'ono kufika pamlomo pake, ndipo ukadandaula amakuuza kuti utsike udikire lina. M'maulendo anga ambiri sindinapatsidwepo jekete yothandiza munthu kuyandama. Chinandipweteka mtima kwambiri n'chakuti patangopita milungu yochepa chichitikire ngozi ya madzi osefukira ija, ena anakweza mtengo modzidzimutsa pa nthawi imene anthu ankapita kukafuna chithandizo alibe chilichonse m'manja. Ndikudziwa kuti nawonso nyumba zawo zinagwa ndipo mabwato ena anapita ndi madzi, koma akanayamba akhala pansi ndi mafumu n'kugwirizana mtengo umodzi wodziwika kwa aliyense.

Kwa amene mukufuna kuwoloka, pitani m'mawa mphepo isanayambe kuutsa mafunde, gwirizanani mtengo wanu ndi wa katundu musanakwere, ndipo bwato likadzaza musachite manyazi kudikira lina. Ine ndimadikirabe bwato la mnyamata uja ngakhale litachedwa, ndipo masiku ano mdzukulu wanga wamkulu ndi amene amathamanga kukamugwirira chingwe likamafika pagombe.