BP ndi shuga: chipatala cha m'dera kapena chachikulu?

Odwala BP ndi shuga amandifunsa kawirikawiri: azionedwa pa chipatala chaching'ono cha kwawo, kapena azipita ku zazikulu monga Queens ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe?

Ndalama: m'zipatala za boma chithandizo chambiri n'chaulere. Chimene chimadya thumba ndi thiransipoti, ndipo ulendo wa ku chachikulu umatha tsiku lonse.

Zipangizo: apa chachikulu chimapambana. Kuyeza impso, kuunika m'maso ndi kujambula mtima, madokotala ake ali kumeneko. Pa chaching'ono mupeza makina a BP, nthawi zina ndi oyezera shuga, ndipo mankhwala amatha.

Kudziwana: apa ndi pamene ndimaika mtima. Amene amakuonani mwezi ndi mwezi amazindikira msanga kuti mapazi atupa kapena mwaonda. Amatsegula kabuku kanu ka kuchipatala n'kuona kuti amlodipine (mankhwala a BP) wa mwezi watha sanathe, kenako n'kufunsa bwinobwino, "Agogo, mukumwa tsiku lililonse?" Ku chachikulu lero mupeza uyu, mawa wina, ndipo mbiri mumayamba kuifotokoza pachiyambi. Komanso ambiri amabisa zoti akumwa zitsamba mpaka atazolowerana ndi dokotala.

Ngati BP ili pansi pa 140/90 ndipo shuga wakhazikika, khalani pafupi ndi kwanu. Ngati chilonda cha kuphazi sichikupola, maso achita chifunga kapena muli oyembekezera, pemphani kalata yokutumizani ku chipatala cha boma cha m'boma lanu kapena ku chachikulu.