Injini yanga ya 1NZ inafika bwino kuchokera ku Dar es Salaam, koma posunga anaphonya

Injini ya Sienta yanga itanoka, makaniko anandiuza kuti kuyikonza kungondidyera ndalama, bola kugula ina yogwiritsidwa kale ntchito yochokera ku Japan. Ndinapeza 1NZ-FE ku Dar es Salaam, ija ya malita 1.5 yomwe imapezekanso mu Probox. Nkhawa yanga inali ya ulendo. Ndinaonapo injini ya mnzanga itafika sampu (beseni la oyilo la pansi pa injini) itaphwanyika chifukwa anangoiponya mulole pakati pa matumba ngati chimanga. N'chifukwa chake ndinasankha anyamata ena amene amanyamula zipangizo za galimoto zokhazokha pa msewu wa Dar ndi Lilongwe, ndipo ndemanga iyi ndi ya ntchito yawo.

Asanapakire ananditumizira zithunzi pa WhatsApp. Oyilo yense anali atamukhetsa, madzi a injini chimodzimodzi. Chimene chinandikhazika mtima pansi n'chakuti injini sanaikhazike pa sampu. Anaiika pa paleti, n'kukhomerera matabwa ochindikala m'mbali kuti kulemera kwake kutsamire pa buloko, sampu ili m'malere, pansi pake pali tayala lakutha. Amene sadziwa angaone ngati ndi zachabe, koma sampu ndi chitsulo chopyapyala, ndipo kapaipi kokoka oyilo kamakhala pafupi kwambiri ndi pansi pake. Ikangobonyoka pang'ono, oyilo sakwera mokwanira, injini n'kuyamba kudzidya yokha mkati mwini wake osadziwa.

Kamangidwe kakenso kanali ka anthu odziwa. Malamba anayi okoka ndi chogwirira, awiri uku awiri uku, ndipo palibe lamba amene anadutsa pa manifodi. Manifodi yolowetsa mpweya ya 1NZ ndi ya pulasitiki, kuimanga mwamphamvu imang'aluka. Mawaya ndi masensa anawakulunga bwino, mabowo onse olowera mpweya ndi otulukira utsi anawatseka ndi nsanza zoyera ndi tepi.

Pa chipata cha Songwe anachedwa tsiku limodzi podikira za msonkho wa MRA, koma dalaivala ankandiimbira yekha. Atatsala pang'ono kukwera Chiweta anaima n'kukunganso malamba, ananditumizira chithunzi china ali pomwepo. Aliyense amene anadutsapo pa makona aja pa M1 akudziwa mmene katundu amasunthira. Pofika ku Lilongwe anaitsitsa ndi tcheni buloko atakola m'zingwinjiri zake zonyamulira, osati kugwirizana anthu asanu ndi mitengo monga timachitira kumagaraja ambiri. Panalibe chosweka ngakhale chimodzi.

Pomwe anandikhumudwitsa ndi pa kusunga. Ndalama ya makaniko inali isanakwane, ndiye ndinawalipira kuti andisungire injiniyo m'nyumba yawo ya katundu kuyambira Disembala mpaka Febuluwale, mvula ili pachimake. Nditapita kukaiona patatha milungu itatu, ndinapeza ataichotsa pa paleti, ili pa simenti, ataikuta ndi pulasitiki wakuda womata mbali zonse. Nditavundukula, mkati munali madontho a madzi, ndipo pa fulayiwilo (chitsulo chozungulira cha kumbuyo kwa injini) panali patayamba dzimbiri lofiira. Pulasitiki wotere amatsekera chinyezi mkati, usiku kukazizira chimasanduka madzi pachitsulo. Tepi ya bowo limodzi la utsi inali itamatuka, mavu atayamba kale kumanga kanyumba ka dothi pakamwa pake. Mtima unandipweteka kwambiri, chifukwa dothi limenelo likalowa mu silinda limakanda ngati mchenga.

Ndiwayamikire, sanalimbane nane. Bambo woyang'anira malowo anati, "Pepani achimwene, paleti ija tinaipatsa katundu wina, talakwitsa." Tsiku lomwelo tinaibwezera pa matabwa, tinapukuta dzimbiri n'kupakapo girisi, tinachotsa mapulagi n'kudonthezera oyilo pang'ono mu silinda iliyonse, kenako tinazunguliza injini ndi sipanala kangapo kuti oyiloyo afalikire. Tinaifunda lona momasuka kuti mpweya uzidutsa pansi, n'kuika msampha wa makoswe pafupi poopa mawaya. Kuyambira pamenepo ndinkapita kamodzi pa mwezi kukaizunguliza, ndipo ankandilola popanda kunyinyirika.

Ndikuwapatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Pa ulendo ndingawatumenso mawa lomwe. Pa kusunga, ngati muwasiyira injini yanu, gwirizanani poyamba kuti ikhale pa matabwa, ndipo muzipitako nokha. Yanga inamangidwa mu Sienta kumayambiriro a Malichi, inalira pa kiyi wachiwiri, nyali ya oyilo inazima nthawi yomweyo, ndipo panopa ikunyamula anthu pakati pa Area 25 ndi m'tauni tsiku lililonse.