Foni, Garmin kapena mapu ndi kampasi: chotenga posaka cache m'mapiri a kuno kumpoto

Mzuzu ili pa madigiri 11 ndi mphindi pafupifupi 27 kummwera, madigiri 34 kum'mawa. Pa Geocaching.com, tsamba la masewera osaka kabokosi kobisika (cache) pogwiritsa ntchito GPS, manambala otere amalembedwa motere: S 11° 27.500, kutanthauza madigiri, mphindi ndi tizigawo ta mphindi. Kachigawo kamodzi komaliza, 0.001, ndi mamita osakwana awiri pansi. Munthu akatenga nambala yomweyo n'kuilemba 11.275 m'pulogalamu yoyembekezera madigiri okhaokha, chida chimam'lozera malo otalikirana ndi enieniwo makilomita 20. Vuto ili silisankha foni kapena Garmin, chida cha GPS cha m'manja. Choncho musanayambe mkangano wa chida chabwino, onani kaye ngati zida za gulu lonse zikuwerenga manambala mofanana, ndipo zonse zili pa WGS84, dongosolo loyezera malo limene GPS imagwiritsa ntchito.

Masewera a geocaching anayamba mu May 2000, boma la America litasiya kusokoneza dala siginolo ya GPS ya anthu wamba, pamene Dave Ulmer anabisa chidebe choyamba ku Oregon. Wina amabisa kabokosi kokhala ndi kabuku kolembamo dzina, ena amakasaka. Cache iliyonse ili ndi milingo iwiri yoyambira 1 mpaka 5: D ya kuvuta kwa ndagi (funso loti mumasule kuti mupeze manambala a malowo) kapena kabisidwe, T ya kuvuta kwa malo. Tikukamba pano za T 3.5 kupita m'mwamba, kumene manja amagwira ntchito limodzi ndi miyendo. T 5 imafuna zida zapadera monga chingwe ndi maphunziro ake, imeneyo tiisiye. Ku Malawi ma cache olembetsedwa ndi ochepa kwambiri, kotero magulu a kuno angathe kubisirana okha, ku Viphya, ku phiri la Hora ku Mzimba, kapena ku Chombe pafupi ndi Livingstonia.

Foni ndiyo aliyense ali nayo kale, ndipo pa ndagi palibe choiposa. GPS ya m'foni sidya bandulo ndipo sifuna netiweki, imamva masetilaiti mwachindunji. Chofuna intaneti ndi mapu ndi mafotokozedwe a cache, zomwe mumatsitsiratu muli m'tauni. Apa mapulogalamu amasiyana. Ya eni ake a Geocaching, mukakhala osalipira, imangokutsegulirani ma cache osavuta a D ndi T osapitirira 2, ndipo kusunga mndandanda woti muwerenge popanda netiweki kumafuna Premium, umembala wolipira. Kwa wokwera mathanthwe ndiye kuti yaulereyo ilibe ntchito. Pa Android pali c:geo, yaulere, imene imasunga cache pamodzi ndi mapu m'foni, imawerengera malo atsopano mukaipatsa mtunda ndi madigiri a pa kampasi, ndipo imalola kulemba manambala okhala ndi zilembo monga A ndi B n'kudzaza mukapeza mayankho m'njira. Pa mizere yosonyeza kukwera ndi kutsika kwa nthaka, Organic Maps imapereka ulere, pomwe OsmAnd imafuna mulipire, ngakhale ili ndi zida zambiri zokonzera njira. Ine ndingasankhe c:geo pa ndagi ndi Organic Maps poyang'ana mtunda, bola zonse zitsegulidwe kunyumba foni ili pa airplane mode, muone ngati mapu akutulukadi.

Foni imagwa pa zinthu zitatu. Galasi likanyowa silimva chala, ndipo aliyense wodziwa chifunga cha ku Chikangawa m'miyezi ya June ndi July akudziwa kuti kunyowa sikudikira mvula. Batire limatha msanga foni ikamavutika kufunafuna netiweki m'chigwa, ndiponso kukazizira. Ku Nyika usiku wa miyezi imeneyi kumachita chisanu choumitsa madzi pa udzu. Airplane mode, kuchepetsa kuwala, kuisunga m'thumba la mkati pafupi ndi thupi, ndi pawabanki ya 10,000 mAh zimakwanira tsiku lathunthu n'kutsalako. Musaiwale kachingwe kake. Chachitatu ndi manja: pokwera thanthwe mumafuna manja onse awiri, ndipo foni ya m'thumba la kumbuyo kwa thalauzi ndiyo imayamba kugunda mwala mukamatsika chokhala. Iikeni m'kathumba ka pulasitiki kotseka, muimangirire ku lamba wa chikwama ndi kachingwe kafupi.

Kampasi ya m'foni musaidalire kwambiri. Imasokonezeka ndi maginito a m'kava, ndi pawabanki yomwe yalumikizidwa, ndi zipi zachitsulo. Muvi ukayamba kuvina, zunguzani foni m'mwamba molemba 8 kangapo, kapena yendani mamita 20 molunjika kuti pulogalamu iwerengere kumene mwaloza poona mayendedwe anu.

Garmin eTrex inapangidwira zomwe foni imalephera. Ili ndi mabatani, kotero imagwira ntchito m'mvula ndiponso mutavala magolovesi. Imapirira kugwera m'madzi a mita imodzi kwa theka la ola. Imadya mabatire awiri a AA, amene pa eTrex 22x ndi 32x amakhala pafupifupi maola 25, ndipo akatha mumangoika ena, osadikira magetsi. Koma gulani a alkaline kapena ochajidwa a NiMH. Aja otchipa a tochi, a zinc-carbon, amafa m'maola ochepa, ndipo muyenera kuuza chidacho mtundu wa batire kuti chisanamize mlingo wotsala. Kusiyana kwa 22x ndi 32x n'kofunika kwa wokwera phiri: 32x ili ndi kampasi yogwira ntchito mutaima chilili ndi chopimira kukwera pogwiritsa ntchito mpweya, 22x ilibe, muvi wake umalondola pokhapokha mukuyenda. Pathanthwe pamene mukusuntha phazi limodzi pa mphindi, muvi wa 22x umangozungulira. eTrex 10 yakale ija ndi yolimba, koma malo ake osungira zinthu ndi ochepa moti mapu enieni salowamo.

Zovuta zake ndi mtengo, kusowa kwake m'masitolo a kuno, ndi kagalasi kakang'ono. Ma cache mumalowetsa ngati fayilo ya GPX kudzera pa kompyuta, ndipo kulemba manambala atsopano ndi kandodo kake n'kochedwa. Ndagi ya magawo asanu imatopetsa pa Garmin. Anthu ambiri amaganizanso kuti imalondola kuposa foni, zomwe masiku ano si zoona kwenikweni. Pamtetete zonse ziwiri zimakufikitsani mkati mwa mamita atatu mpaka asanu. Garmin ndi ya munthu amene amagona kutchire masiku awiri kapena atatu, monga ulendo wa pa Nyika wopita ku Nganda, nsonga yopitirira mamita 2,600. Wopita m'mawa n'kubwera madzulo, ndalama imeneyo agulire nsapato zogwira mwala.

Pali malo amodzi pamene zida ziwirizi zimanama mofanana: m'munsi mwa khoma la thanthwe. Theka la thambo limabisika, ndipo siginolo imayamba yagunda mwala isanafike kwa inu, motero chida chimakuikani mamita 15 kapena 20 kumbali. Kuonjezera apo, GPS imalakwitsa kwambiri pa kukwera kuposa pa kutambalala. Thanthwe loima la mamita 30 lili ndi manambala pafupifupi ofanana pamwamba ndi pansi. Chida chikati kwatsala mamita anayi, kabokosi kangathe kukhala pamwamba pa mutu wanu. Chochita ndi kubwerera pamtetete mamita 30 kapena 40, kuona kumene muvi waloza, kusuntha n'kuonanso kuchokera mbali ina, ndipo pamene mizere iwiriyo yakumana ndi pamene muyambire kusaka ndi maso. Wobisa naye alembe kukwera kwa malowo ndi mbali yofikira, atayesa manambala kangapo pa nthawi zosiyana.

Muvi wa GPS umaloza molunjika ngati kuuluka kwa khwangwala, sudziwa phompho. Apa ndi pamene mapu a pepala amalowera. Mapu a boma a 1:50,000, a Dipatimenti ya Surveys, ali ndi masentimita awiri pa kilomita iliyonse. Milimita imodzi ndi mamita 50, kotero kabokosi simungakapeze ndi mapu okha. Ntchito yawo ndi kusankha njira: kuona msana wa phiri umene ukukwera pang'onopang'ono, chigwa chimene chili ndi mtsinje, mbali imene mizere yathinana kusonyeza phedi. Pa galasi la foni mumaona kadera kakang'ono, pa pepala mumaona phiri lonse ndi pothawira nyengo ikasintha.

Mapu akalewa ali ndi misampha yake. Anajambulidwa pa dongosolo lakale la Arc 1950, osati WGS84, ndipo kuno kusiyana kwake kumapitirira mamita 200, makamaka kuchokera kumpoto kupita kummwera. Mukafuna kufananiza ndi gridi ya pa pepala, sinthani chida chikhale pa UTM (gridi ya mamita), zoni 36, ndi Arc 1950, kenako mubwezere pa WGS84 musanasake cache. Kuiwala kubwezera ndiye chifukwa gulu limatha masana onse likutembenuza miyala pa chitunda cholakwika. Werengani m'munsi mwa pepala ngati mizere ili m'mamita kapena m'mapazi. Ndipo za nkhalango ndi misewu musakhulupirire: ku Chikangawa paini wambiri anadulidwa, wina anapsa, tinjira ta mathirakitala tatsopano tinabadwa, takale tinamera. Mitsinje ndi zitunda ndizo sizisuntha.

Kampasi ya m'manja ndi yotchipa ndipo siitha batire. Kuno, kumpoto kwa maginito (kumene singano imaloza) kwapatuka madigiri ochepa kumadzulo kwa kumpoto kwenikweni. Digiri imodzi ndi mamita pafupifupi 17 pa kilomita, kotero ndagi ikati muyende mamita 400 pa madigiri 250, kulakwitsa madigiri atatu kumakutayani mamita 21, zomwe pa mulu wa miyala ndi zambiri. Funsani wobisa ngati madigiri ake ndi a maginito kapena enieni. Mukatumiza wachibale kuti akugulireni kunja, nenani kuti ikhale ya kummwera kwa dziko kapena yolembedwa Global. Singano ya kampasi yopangidwira ku Ulaya imapendekeka ikafika kuno n'kumakhula pansi pa kabokosi kake.

Kwa ambiri a ife yankho ndi foni ya c:geo, pawabanki, kampasi, ndi fotokope ya mapu m'pulasitiki, kuonjezapo pensulo, poti bolopeni salemba pa kabuku konyowa. Nthawi muwerengere motere: ola limodzi pa makilomita asanu, ola lina pa mamita 600 aliwonse okwera, ndipo pokwawa pamathanthwe muwirikize kawiri. Cha m'ma 6 koloko kwada, choncho ikani nthawi yobwerera musananyamuke, mwapeza kapena simunapeze. Mwala wa ndere ukanyowa umaterera, ndipo kutsika n'kovuta kuposa kukwera. M'ming'alu yambani mwagogoda ndi ndodo musanapise dzanja, chifukwa njoka ndi njuchi zimakonda malo omwewo amene wobisa amakonda. September ndi October ndi miyezi ya moto wolusa pa Viphya.

Pali chinanso chimene chida chilichonse sichingakuchitireni. Malamulo a masewerawa amaletsa kukumba, amafuna chilolezo cha mwini malo, ndipo cache ziwiri zizitalikirana mamita osachepera 161. Ku Nyika muyenera kuyenda ndi mlonda wa paki, ndipo m'nkhalango za boma monga Kaning'ina mukaonane ndi a zankhalango. Kumudzi yambani kwa amfumu, perekani monire, atsegulireni kabokosiko aone kabuku ndi pensulo. Alendo obisa chinthu m'phanga mwakachetechete amaganiziridwa zina, ndipo manda ambiri ali m'tinkhalango timene pa mapu timaoneka ngati tchire wamba. Pemphani mnyamata wa pamudzipo akuperekezeni, mugwirizane malipiro ake musananyamuke.